Mpesa ndi Nthaka ya ku Shimabala

Mayi wodziwa kugula sapita pa msika wa Soweto mu Lusaka kukangofunsa mpunga. Amafunsa wa ku Mongu, wa ku Nakonde kapena wa ku Chama, ndipo akautapa m'manja n'kuununkhiza amadziwa ngati wogulitsayo akunena zoona. Nyemba nazo zili ndi kwawo: za ku Solwezi, za ku Mbala. Chinanazi chotsekemera timati n'cha ku Mwinilunga, ndipo mtedza wa Chalimbana unatenga dzina la malo a ku Chongwe. Abale athu ku Malawi amalumbirira Kilombero wa ku Karonga, manachesi a ku Mwanza ndi kachewere wa ku Ntcheu ndi Dedza. Zimenezi sitinaziphunzire m'kalasi. Lilime ndilo linatiuza kuti mbewu imodzimodzi ikabzalidwa malo awiri, m'mbale mumafika zakudya ziwiri zosiyana.

Pa mbewu zonse zimene munthu amalima, palibe imene anthu aifufuza kwambiri pa nkhani imeneyi kuposa mpesa. Ambiri a ife mphesa timazimva kutchalitchi, ndipo timaziona m'mashopu akuluakulu zitalongedzwa m'timabokosi ta pulasitiki, zochokera ku South Africa. Vinyo naye amabwera kuchokera kutali, pa botolo patalembedwa Stellenbosch, Paarl kapena Robertson. Amenewo ndi mayina a malo, ndipo ndalama imene wogula amatulutsa, gawo lina amalipirira malowo. Eni minda ya mpesa anazindikira kalekale kuti ubwino wa vinyo umayambira pa zinthu zitatu zimene munthu sangazikweze pa lole: nthaka, nyengo, ndi pamene mundawo wakhala.

Nkhaniyi imandikhala m'mutu chifukwa cha kumene ndimakhala. Shimabala ili pa msewu waukulu wochoka ku Lusaka kupita ku Kafue, ukadutsa Chilanga. Apaulendo amaidziwa chifukwa cha geti yolipirira msewu imene inatsegulidwa mu 2017. Amaima, kulipira, n'kupitirira. Woyenda pansi ndiye amaona zambiri. Lusaka inakhala pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Kafue ili m'munsi, cha m'ma 1,000. Ife tili pakati, pamene dziko layamba kutsetsereka ndi kugawika kukhala timapiri, zitunda ndi timadambo, mpaka kukafika ku chigwa cha mtsinje wa Kafue. M'dera laling'ono chotere muli nthaka zamitundumitundu, ndipo ine ndimaona kuti sitinaifunse mokwanira nthakayi kuti ingathe kubereka chiyani. Mpesa ndi mbewu yabwino kufunsira funso limeneli, chifukwa subisa kanthu. Malo akaukana umaonetsa, akaulandira umaonetsanso.

Wofuna kuidziwa nthaka akaime pamene anthu akukumba dzenje la chimbudzi. Pamene ankakumba langa, pachitunda, ndinakhala m'mphepete n'kumaona mmene piki ndi fosholo zikutsikira. Pamwamba panali dothi lakuda lopyapyala, losapitirira chikhatho. Pansi pake panabwera katondo wofiira wosakanizika ndi nsangalabwi, woti ukamufinya m'manja amagwirana, koma ukamukhudza ndi chala amanyenyeka. Kenako piki inayamba kulira, itakumana ndi mwala wotuwa wong'ambikang'ambika, ndipo m'ming'alu yake munali timizu ta mitengo imene inadulidwa kalekale. Usiku kunagwa mvula yamphamvu, koma m'mawa m'dzenjemo munalibe madzi. Ukatsika kuchokera pamenepo kulowera kudambo, kaulendo kosatopetsa n'komwe, umapeza makande akuda, amene mu Okutobala amang'ambika mpaka dzanja kulowa, ndipo m'dzinja amakuvula nsapato. Dzenje la kumeneko limasunga madzi mpaka Epulo.

Wa dimba amasankha kumunsiko, ndipo salakwa. Wa mpesa ayenera kukwera kuchitunda. Mizu ya mpesa sifuna kukhala m'madzi. Imafuna mpweya, ndipo ikapeza nthaka yomasuka imatsika mamita angapo kukafuna chinyontho. Chinanso chimene chimadabwitsa mlimi wa chimanga n'chakuti mpesa wa vinyo sufuna chonde chambiri. Aliyense amene anabzalapo mbatata pa malo a khola lakale amadziwa zotsatira zake: kholowa wambirimbiri, pansi palibe kanthu. Mpesa umachitanso chimodzimodzi. Pa nthaka yonona ndi madzi ochuluka umangoyanga, masamba n'kuphimba matsango, mphesa n'kukhala zazikulu koma zamadzimadzi. Pa nthaka ya miyala, pamene madzi amapezeka mwa muyezo, mtengowo umaleka msanga kuphuka masamba, mphamvu yake n'kupita ku zipatso. Mphesa zimakhala zing'onozing'ono, za khungu lokhuthala. Ndipo m'khungumo ndi mmene muli mtundu wofiira wa vinyo, fungo lake, ndi kuwawira kuja komanga m'kamwa kumene kumathandiza vinyo kukhalitsa zaka osawonongeka.

Mwala wotuwa uja nawo uli ndi nkhani yake. Dera la Lusaka, Chilanga ndi Shimabala lili ndi miyala ya laimu yambiri. N'chifukwa chake fakitale ya simenti inakhazikitsidwa ku Chilanga mu 1949, ndipo simenti yake inamanga nawo damu la Kariba. Ife mwala umenewu timauona ngati wa simenti, wa konkire ndi wa msewu. Ku France, minda ya mpesa yotchuka ya Burgundy inakhala pa miyala ya laimu, ndipo ya Champagne ili pa choko, amene ndi laimu wofewa. Apa ndi pofunika kunena zoona, chifukwa amalonda amakonda kukokomeza ngati kuti mwala umasungunuka n'kulowa m'botolo. Ntchito yeniyeni ya mwalawo ndi ya madzi. Mvula ikachuluka umawalola kudutsa, chilala chikabwera ming'alu yake imasungako chinyontho chimene mizu imayamwa pang'onopang'ono. Laimu amathandizanso dothi kukhala lonyenyeka, losagwirana ngati njerwa. Koma akachuluka kwambiri mizu imalephera kuyamwa ayironi, masamba n'kusanduka achikasu.

Vuto limeneli alimi a ku Ulaya analiphunzira ndi misozi. M'zaka za m'ma 1860 kachilombo kotchedwa phylloxera, kochokera ku America, kanayamba kudya mizu ya mpesa ku France, ndipo kanawononga minda yambiri ya ku Ulaya. Chipulumutso chinali kumezanitsa: mpesa wa ku Ulaya pamwamba, tsinde ndi mizu ya mpesa wa ku America pansi, chifukwa mizu imeneyo imapirira kachilomboko. Koma mizu ina ya ku America inakana laimu, ndipo panafunika zaka za kafukufuku kuti apeze mitundu yoyenera nthaka iliyonse. Lero mlimi wa mpesa amasankha mizu molingana ndi dothi lake: ina ya nthaka ya laimu, ina ya mchenga, ina yopirira chilala. Sangasankhe asanayezetse nthaka. Ife a ku Shimabala tili ndi mwayi pamenepa, chifukwa malo a kafukufuku wa zaulimi a Mount Makulu, kumene amayeza dothi, ali ku Chilanga konkuno. Pa munda umodzi mbali ina ikhoza kukhala ya asidi, ina ya laimu, ndipo maso okha sangathe kusiyanitsa.

Nthaka ingalole, koma mwini mawu omaliza ndi nyengo. Mnansi wanga wina, mayi wachikulire, ali ndi mpesa umodzi umene anauyangitsa pa chisakasa kuseri kwa nyumba. Mu Seputembala, kukayamba kufunda, maso a mpesawo amatupa n'kuphuka. Mu Okutobala umachita timaluwa tosaoneka bwino, ndipo pofika Novembala matsango obiriwira amakhala ali lende. Mu Disembala mphesa zimayamba kufewa ndi kusintha mtundu. Ndiye kumabwera mvula ya mu Januwale, yamvumbi, ya sabata yathunthu dzuwa osaoneka. Ndinapita kukaona mvumbi utatha. Mphesa zambiri zinali zitang'ambika chifukwa chomwa madzi ambiri, timadzi tikudontha, fungo losasa lili guu, tintchentche tating'ono tili piringupiringu. Nditatembenuza tsamba, kunsi kwake kunali chuku choyera, pamwamba pake madontho achikasu ngati pagwera mafuta.

"Mwananga, mtengo uwu ndi wa anthu a kutali," anatero mayiwo. "Chaka ndi chaka umandilonjeza, mvula n'kudzandilanda."

"Amayi, mtengowu ulibe mlandu, nthaka yanunso ndi yabwino," ndinawayankha. "Chavuta ndi mwezi umene ukupsa."

Pamenepa ndi pamene pagona kusiyana kwathu ndi dera la Cape ku South Africa. Kumeneko mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mpesa uli m'tulo utayoyola masamba. Miyezi yotentha imakhala youma, ndipo mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor, imaumitsa masamba ndi kuziziritsa minda. Jan van Riebeeck anafinya mphesa zoyamba za ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, ndipo mpaka lero kukolola kumeneko kumachitika pakati pa Januwale ndi Epulo, kunja kuli ng'aa. Kwathu kuno zinatembenuka. Mamilimita 800 mpaka 1,000 a mvula amene dera lathu limalandira pa chaka amagwa pafupifupi onse pakati pa Novembala ndi Malichi, nthawi yomwe mphesa zikupsa. Minda yambiri ya vinyo pa dziko lapansi ili pakati pa madigiri 30 ndi 50 kuchokera pa ikweta, pamene ife tili cha pa 15. Kukwera kwa dziko lathu kumatithandiza, chifukwa pa mamita 100 aliwonse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi pafupifupi madigiri 0.6. Koma kukwera sikusintha mwezi wa mvula.

Chuku chimene ndinachiona pa tsamba lija chinafika ku France mu 1878, nachonso kuchokera ku America. Mu 1885 katswiri wa zomera, Pierre Millardet, analengeza mankhwala opopera amene mpaka lero amatchedwa ndi dzina la Bordeaux. Ndi osakaniza zinthu ziwiri zimene Zambia imakumba pansi pake: mkuwa ndi laimu. Mankhwalawo amateteza masamba, koma sangaletse mphesa kumwa madzi. Kuti vinyo akhale wa mphamvu ya magawo 12 mpaka 14 pa 100, madzi a mphesa ayenera kukhala ndi shuga wokwana magawo 22 mpaka 24 pa 100 aliwonse. Mvula ikagwa pa nthawi yakupsa, shugayo amasukuluka, fungo limachepa, ndipo mlimi amakakamizika kuthyola zisanakhwime poopa kuola. Vinyo wa mphesa zotero amakhala wosukuluka ndi wowawasa, ngakhale wofululayo akhale katswiri bwanji.

Anansi athu ku Zimbabwe akhala akulimbana ndi vuto lomweli. Ulimi wa mphesa za vinyo unakula kumeneko pambuyo pa 1965, pamene mayiko anatsekereza malonda ndi dzikolo, limene panthawiyo linkatchedwa Rhodesia, ndipo vinyo wakunja anasowa. Minda monga ya Mukuyu, pafupi ndi Marondera, inabzalidwa pamtunda pozizira, koma kukolola kumagwerabe m'dzinja, ndipo chaka cha mvula yambiri chimakhala chaka cha nkhawa. Ku Tanzania nkhani ndi ina. Amishoni a Katolika ndiwo anabweretsa mpesa m'dera la Dodoma, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndende ya Isanga inabzala minda yake n'kuyamba kupanga vinyo. Dodoma ili pafupi kwambiri ndi ikweta kuposa ife, koma ndi dziko louma, la mvula ya mamilimita pafupifupi 600 pa chaka, la dothi la mchenga. Alimi a kumeneko amakolola kawiri pa chaka, cha mu Malichi ndi cha mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo zokolola za m'chilimwe ndizo zimapereka vinyo wabwino. Mtundu wina wa mphesa zawo unatenga dzina la malo a komweko, Makutupora.

Phunziro limene limatikhudza kwambiri likuchokera ku Brazil, m'chigawo cha Minas Gerais, dziko la khofi, la zitunda zokwera ngati zathu, la mvula ya m'miyezi yotentha ndi chisanu chouma. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, katswiri wa bungwe la kafukufuku la EPAMIG, Murillo de Albuquerque Regina, anayesa kudulira mpesa kawiri pa chaka. Koyamba amadulira cha mu Ogasiti kapena Seputembala, mtengo n'kuphuka, koma timatsango tonse amatichotsa kuti usabereke m'dzinja. Kachiwiri amadulira kumayambiriro kwa chaka, cha mu Januwale mpaka Malichi. Mtengo umaphukanso, n'kuchita maluwa mvula ikupita kumapeto, ndipo mphesa zimapsa pang'onopang'ono m'miyezi yozizira, kukolola n'kukhala mu Julayi kapena Ogasiti. Mtundu wa Syrah ndiwo unavomera kwambiri, ndipo dera limene anthu ankati silingatulutse vinyo wabwino lero likutulutsa. Ku Nashik, ku India, nakonso amadulira kawiri kuti mphesa zizipsa mvula itapita. Alimi amenewa anasiya kutsanzira kalendala ya ku Ulaya n'kuyamba kuwerenga yawo.

Tsono taganizani za miyezi yathu ya Meyi, Juni ndi Julayi. Kumwamba kumakhala kopanda mtambo. Masana kumafunda bwino, madigiri makumi awiri ndi mphambu zingapo, ndipo usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Mphesa yakupsa imafuna zomwezi: dzuwa la masana lopanga shuga, ndi usiku wozizira umene umasunga kuwawasa pang'ono ndi fungo, kuti vinyo asakhale wongotsekemera kapena wolemera m'kamwa. Kutentha kopitirira madigiri 35 kumalepheretsa khungu kuda bwino, ndipo ife m'miyezi imeneyi sitikuona. Ambiri a ife timaitenga ngati miyezi yopuma, chimanga chili m'nkhokwe. Alimi a tirigu wothirira ndi a tomato ndiwo anaizindikira kale. Ndikaona thambo la mu Juni pa Shimabala, ndimaona chuma chimene chimangodutsa chaka ndi chaka popanda wochigwiritsa ntchito.

Sindikunena kuti njirayi ndi yophweka. Walira mvula walira matope. Mpesa wodulidwa mu Febuluwale umaphuka mvula isanathe, ndipo masamba anthete ndiwo chuku chimawakonda, choncho kupopera kumafunika. Kuyambira Epulo mpaka Okutobala mvula siigwa kwenikweni, choncho pamafunika mjigo ndi mapaipi odontheza. Madzi ake si ambiri ngati a nzimbe, koma ayenera kupezeka pa nthawi yake. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, chinatikumbutsa kuti zitsime zimaphwa, ndipo magetsi a pampu amathima nthawi yomweyo imene madzi akufunika. Madzi a pansi pa miyala ya laimu ndi a tonse. Amayenda m'ming'alu kuchokera kwa mnzako kudza kwa iwe, ndipo woipitsa kapena wopopa mopitirira muyezo amalanga mudzi wonse. Palinso chiswe chimene chimadya mitengo yoyangira, ndi apumbwa amene m'chilimwe, kuthengo kulibe chotsekemera, amasonkhana pa munda umodzi ngati palibe ukonde.

Chachitatu ndi pamene munda wakhala, ndipo apa masitepe ochepa amasintha zambiri. Usiku wa mu Juni mpweya wozizira umatsika ndi mtsetse n'kukadikha kudambo, ndipo kumeneko ndi kumene chisanu chimawaula nthochi ndi masamba a maungu, pamene pachitunda palibe chachitika. Mtsetse woyang'ana kum'mawa umalandira dzuwa msanga, mame n'kuuma chuku chisanagwire. M'miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto, choncho mtsetse woyang'ana kumpoto umafunda kuposa wa kum'mwera. Mphepo ya mu Julayi ndi Ogasiti imaumitsa matsango, koma ikakula imathyola nthambi ngati palibe mzere wa mitengo woitchinga. Pali chinthu chinanso chimene ife tokha tingachikonze kapena kuchiwononga: utsi. Khungu la mphesa limayamwa utsi, ndipo vinyo wake amadzanunkha phulusa. Mu 2020 alimi a ku Australia ndi California anataya zokolola zambiri chifukwa cha utsi wa moto wa m'tchire. Kwathu kuno Julayi ndi Ogasiti ndiyo miyezi yotentha tchire posaka mbewa, ndipo mauvuni a makala amafuka usana ndi usiku. Munda wa mpesa sungachite bwino ngati oyandikana nawo sanagwirizane za moto.

Kuti malo ali ndi zokonda zawo, dera lathu lomweli likuchitira umboni. Woloka mlatho wa Kafue n'kulowera kum'mwera. Ku mapiri a Munali kumalimidwa khofi. Ukatsikira ku Mazabuka, m'mbali mwa chigwa cha Kafue, nzimbe za ku Nakambala zayala mpaka kumene maso alekeza, chifukwa kumeneko kuli dothi lolemera, kutentha ndi madzi a mumtsinje. Ukapatukira ku Chirundu n'kutsikira m'chigwa cha Zambezi, kotentha ndi kouma, umapeza masau ndi malambe. Mbewu zimenezi sizingasinthane malo. Zitunda za Shimabala nazo ziyenera kukhala ndi mbewu imene zimaikonda kuposa zina, ndipo sindikhulupirira kuti ndi chimanga chokha.

Ku Burgundy amonke a m'nyumba za mapemphero, monga amene analima munda wa Clos de Vougeot, anatha zaka mazanamazana akuyang'anitsitsa kuti ndime iyi imapsa liti, iyo imatulutsa vinyo wotani. Lero dera limenelo lili ndi timinda 1,247, kalikonse ndi dzina lake ndi malire ake, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linatilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse. Nzeru yoyang'anitsitsa malo si ya azungu okha. M'zaka za m'ma 1930, Colin Trapnell atayenda m'dziko lino kufufuza nthaka ndi zomera, anapeza kuti alimi a m'midzi ankasankha minda powerenga mitengo ndi udzu. Agogo athu ankadziwa kuti pa msangu pali chonde, pamene pachuluka misuku nthaka ndi yosaya ndi yamiyala, pamene pamera tsekera wamtali mbewu zidzachita, ndipo kaufiti akabuka ndiye kuti munda watopa. Kusiyana kwathu ndi amonke aja n'kwakuti iwo ankalemba. Ife nkhalamba ikamwalira, zimene inkadziwa za chitunda chilichonse zimapita nayo kumanda.

Kulemba kumeneku ndi kumene kumasandutsa malo kukhala ndalama. Ku South Africa, kuyambira 1973 lamulo limati botolo likalembedwa dzina la dera monga kumene vinyoyo wachokera, mphesa zake zonse zikhale zochokeradi kumeneko. Vinyo wothwanima wa kwina sangatchedwe Champagne m'mayiko ambiri. Pafupi ndi kwathu, ku Mozambique, mbuzi ya ku Tete inalembetsedwa mwalamulo ndi dzina la malo ake, eni ake akunena kuti nyama yake imakoma chifukwa cha masau ndi malambe amene mbuzizo zimadya. Ku Lilongwe, kampani ya Linga inasankha kupanga vinyo kuchokera ku zipatso zimene nthaka ya Malawi imapereka mosavuta, monga jambula, magwafa ndi mabulosi. Imeneyonso ndi njira yolemekezera malo. Ngati mpesa ungakane pa chitunda china, masuku ndi masau alipo, ndipo palibe chochititsa manyazi pa zimenezo.

Ena adzati Zambia ili kale ndi mavuto a mowa, ndipo sakunama. Tonse tikukumbukira mmene tujilijili tinawonongera achinyamata mpaka boma kutiletsa mu 2012. Ine sindikuitanira anthu ku uchidakwa. Mphesa zimadyedwa zaziwisi, zimaumitsidwa, zimafinyidwa kukhala juwisi, ndipo zimene timagula m'mashopu zayenda makilomita oposa chikwi kuti zitipeze. Matchalitchi athu amagula vinyo wa mgonero. Manja odziwa ntchitoyi aliponso: anthu ambiri a ku Malawi ndi Zimbabwe amagwira ntchito m'minda ya mpesa ya ku Western Cape, akudulira, kumanga nthambi ndi kuthyola matsango. Ena mwa iwo amalankhula chinenero chathu chomwechi, ndipo luso lawo limathera m'minda ya eni.

Chimene chimandipweteka mtima ndi liwiro limene malo a ku Shimabala akudulidwira. Lusaka ikusefukira kum'mwera, ndipo munda umene chaka chatha unali wa chimanga, chaka chino uli ndi zikhomo za mapuloti. Anthu amafunika pokhala, ndipo sindidzudzula munthu womanga nyumba yake. Koma wogulitsa amayeza m'litali ndi m'lifupi mokha, ndipo wogula amangofunsa kutalika kwake kuchokera pa tala. Za pansi palibe amafunsa. Motero chitunda chabwino cha mitengo ya zipatso chimathiridwa konkire, ndipo ena amamanga m'dambo, nyumba n'kumang'ambika chifukwa makande amafufuma m'dzinja ndi kunyala m'chilimwe. Safunsa anadya phula. Konkire ikathiridwa, funso lakuti pamenepa pakanabereka chiyani latha.

Ndiye kodi Shimabala ingatulutse vinyo wabwino? Kuona kwanga ndi uku. Nthaka ya pa zitunda, yodutsa madzi ndi yosanona kwambiri, ikulola. Kukwera kwa dziko ndi usiku wozizira wa pakati pa chaka zikulola. Dambo likukana, ndipo mvula ya mu Januwale idzakana aliyense wotsata kalendala ya ku Cape. Chotsala ndi kuyesa, ndipo kuyesa kwanzeru kumayamba pang'ono: mizere yochepa, mitundu ingapo monga Syrah ndi Chenin Blanc imene yachita bwino m'mayiko otentha, mbande zopanda matenda zolowa m'dziko ndi chilolezo. Mpesa umayamba kubereka chaka chachitatu, ndipo khalidwe lenileni la malo limaoneka pakapita zokolola zingapo. Amene akufuna phindu la miyezi itatu alime repu.

Kwa inu amene muli ndi malo kuno, kaya ndi a makolo kaya ogula, pempho langa ndi ili. Musanabzale mtengo wokhalitsa, ndipo makamaka musanaitane wodula mapuloti, kumbani dzenje lofika m'chiuno n'kuona zimene zili pansi. Tengani dothi mupite nalo ku Mount Makulu. Khalani ndi kope lolembamo tsiku limene mvula yayamba ndi limene yatha, malo amene chisanu chawaula, ndi kumene mphepo imachokera. Khalani pansi ndi akuluakulu a Chisoli amene anabadwira m'dera lino, muwafunse zimene zinkamera pa chitunda chilichonse, ndipo muzilembe iwo akali moyo. Mukatero, kaya mubzala mpesa, mapeyala, malalanje kapena mumanga nyumba, mudzakhala mwasankha mukudziwa chimene nthaka yanu ingathe kuchita.